Mphuno ya Mlonda

Anandilemba ntchito yoopseza akuba,
n'kundipatsa tochi, wezulo ndi chibonga.
Koma mbala imene ndimaiopa pa Chivero pano
sidumpha mpanda wa waya.
Imagona m'mimba mwa boti, pansi pa matabwa,
mpweya wa petulo wolemera ngati ngongole,
kudikira kamoto kochepa ngati diso la nyerere.

Ndiye ine ndimalonda ndi mphuno.
Ikakwana naini ndimatsika pa kamlatho,
kugwada pa boti lililonse ngati wopempha chikhululuko,
kununkhiza.
Alipo makumi atatu ndi limodzi, omangidwa phewa ndi phewa
ngati anthu pa mzere wa kombi ku Mbare.
Limodzi likayetsemula, onse adwala.

Takesure amandiseka.
Akuti, Achimwene, munabadwira ku Dzivaresekwa inu,
za maboti munazidziwira kuti?
Madzi onsewa, munthu n'kumaopa moto?
Sindimuyankha. Wabwera chaka chatha chomwechi.
Sanauone usiku wa boti la a Gwatidzo.

Magetsi anali atazima masana, monga mwa masiku onse.
Iwo anasiya batire pa chaja, chingwe chomata ndi tepi,
n'kuthamangira ku ukwati ku Borrowdale.
Magetsi aja anabwera mozemba cha m'ma wani koloko.
Ndinayamba kumva fungo, ngati wina akuwotcha nsapato,
kenako kuwala kukuphethira pansi pa lona.

Ndinathamangira chozimitsira moto cha pa mzati.
Muvi wake unali utagona kalekale,
kapepala ka deti kodyedwa ndi dzuwa.
Chinangoti fuu, ngati munthu wousa moyo.
Pampu nayo inatsamwa ndi namasupuni.
Mnyamata wina wopha nsomba anakhuthula ndowa ya madzi,
moto n'kukwera pamadzipo,
kuyandama,
kuyenda wokha kulunjika boti la pambali.

Chinatipulumutsa ndi chikwanje.
Ndinadula chingwe, n'kukankha ndi nsungwi
kuti likafere lokha kutali ndi anzake.
Linayaka mpaka mbandakucha,
utsi wakuda wa pulasitiki wokanda kukhosi.
Silinda ya gasi itaphulika
mbalame zonse za m'bango zinasamuka osatsazika.
Ozimitsa moto anafika kuchokera m'tauni dzuwa litatuluka,
n'kupeza chigoba, ndi ine wopanda nsidze.

Dzanja langa lamanzere silitambasuka mpaka lero.
Mabatani a malaya amandimangira ndi mwana wanga Mwandida.

Loweruka eni maboti amabwera ndi nyama ndi mabokosi a mowa,
ana atavala kale zoyandamitsa.
Ndimawachingamira.
Bwana, tsegulani chivundikiro, injini ipume kaye musanagwire kiyi.
Fodya muzimitsire kugeti.
Chigubu cha mafuta chitsike pansi, tithire chili pa dothi.
Mbaula yowotchera nyama ikhale uko, pansi pa mtengo uwo.
Ena amamva.
Ena amandipanikiza dola m'dzanja kuti ndiwachokere,
ndipo ndimalandira, ndikanirenji?
Ndagulira ndowa zisanu ndi ziwiri,
ndazipaka utoto wofiira, ndadzaza mchenga.
Imodzi Takesure amakhalira akamadya.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi
kudzakolola fodya wa eni ake.
Ine ndikulondera maboti a eni ake,
sindinakwerepo ngakhale limodzi kupitirira pa bango paja.
Komabe ndimawadziwa fungo ngati ana a m'nyumba mwanga:
ili limadontha dizilo, ilo lili ndi waya wodyedwa ndi khoswe,
lobiriwiralo mwini wake sanabwere chiyambire Isitala.

Okutobala uno udzu wauma mpaka kuphiri.
Mphepo ikuchokera kumsewu wa ku Bulawayo.
Magetsi azimanso kuyambira m'mawa.
Ndazula zingwe zonse, ndaziwerenga kawiri,
ndakhala pa mpando wanga pafupi ndi swichi,
chikwanje pamwendo,
kudikira kuti abwere.